Pulotoni

Pulotoni ndi kanthu kakang'ono zedi kopezeka pakatikati pa atomu iliyonse. Dzinali linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "choyamba", ndipo linaperekedwa ndi Ernest Rutherford mu 1920.

Pochiza khansa ya m'mapapo, madokotala amathamangitsa mapulotoni ndi makina n'kuwalunjikitsa pachotupa. Cheza cha gamma, chomwenso chimagwiritsidwa ntchito pochiza khansa, chimaboola thupi n'kutulukira kuseri, chikuwononga maselo m'njira monse. Mapulotoni amakathera mphamvu zawo pachotupa n'kuima pomwepo. Akamaima amadula DNA m'malo oyandikana, ndipo mabala otere selo limavutika kuwakonza. Madokotala amawerengera kuti kuwononga kwa mapulotoni kumaposa kwa gamma ndi 10 peresenti.

Kuima kwa mapulotoni pachotupa n'kofunika chifukwa mapapo anayandikana ndi mtima komanso kummero, ziwalo zofunika kuziteteza.