EZH2 ndi Ma Antibody Amene Anaiulula

Selo la khungu ndi selo la chiwindi ali ndi DNA yofanana, koma ntchito zawo n'zosiyana chifukwa lililonse limatseka majini ena n'kusiya ena akugwira ntchito. Imodzi mwa ma enzyme otseka majini ndi EZH2, ndipo zambiri zimene tikudziwa zokhudza mbali yake pa khansa zadziwika kudzera mwa ma antibody.

Nkhaniyi inayambira pa ntchentche. Mu 1947, Pamela Lewis anapeza jini ya Polycomb mwa tintchentche tokonda zipatso, yomwe ikawonongeka ziwalo zimakula mosokonekera. EZH2 ndi ya m'banja la majini a Polycomb. Chida chodzaifufuzira chinabwera mu 1975: ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anatulukira njira yopangira ma antibody ofanana ndendende, ogwira chinthu chimodzi chokha. Antibody akathiridwa pa kachidutswa ka chotupa amakakamira pa puloteni imene akuisaka, ndipo utoto umaonetsa pa maikulosikopu pamene puloteniyo ili komanso kuchuluka kwake.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 2002. Magulu angapo a akatswiri, kuphatikizapo la Yi Zhang ku North Carolina, anaonetsa kuti EZH2 ndi mapuloteni anzake amamata methyl pa histone H3, puloteni imene DNA imakulungidwapo. Chizindikiro chimenechi, chotchedwa H3K27me3, chimakhalitsa jini chete. Chaka chomwecho, gulu la Arul Chinnaiyan ku Michigan linayeza zotupa za prostate ndi ma antibody, n'kupeza kuti EZH2 imachuluka kwambiri khansa ikafalikira m'thupi, ndiponso kuti odwala amene inawachulukira matenda ankawakulira msanga. Mu 2003, Celina Kleer ndi anzake anapeza zofananazo pa khansa ya m'mawere.

Mu 2010, akatswiri a ku Vancouver anapeza kuti pa mitundu ina ya khansa ya lymphoma jini ya EZH2 imakhala itasintha, ndipo patapita nthawi pang'ono zinadziwika kuti kusinthako kumachulukitsa H3K27me3. Apa opanga mankhwala anapeza poyambira, ndipo antibody wa H3K27me3 ndiye ankawauza ngati mankhwala ayifooketsadi enzyme. Mu 2020, bungwe la FDA ku America linavomereza mankhwala ofooketsa EZH2 otchedwa tazemetostat pochiza khansa za epithelioid sarcoma ndi follicular lymphoma.

Komatu ma antibody amatha kunamiza. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 anayesa ma antibody oposa 200 a zizindikiro za pa histone, ndipo oposa gawo limodzi mwa magawo anayi analephera chifukwa ankagwiranso zinthu zina. Antibody wotere angachititse katswiri kulengeza zabodza iye osadziwa, ndipo amene amavutika pamapeto pake ndi wodwala. N'chifukwa chake ofufuza osamala masiku ano amayesa antibody pa maselo ochotsedwa EZH2: utoto ukaonekabe, amamutaya. Labotale iliyonse yofufuza za khansa iyenera kuyamba yayesa antibody wake isanakhulupirire zimene akuonetsa.