Gemu sinakubere aise: mbiri ya kulamulira mpira koma osawina

Loweruka lapitali tili pa depoti ya Ntcheu boma kudikira minibasi ya ku Lizulu, msuweni wanga anatsala pang'ono kuponya foni m'ngalande. Mwana ameneyu Football Manager inamulowa m'magazi. Timu yake inali itasunga mpira gemu yonse, yawombera ku golo ka 24, anzakewo kawiri kokha, koma yagonja 1-0.

"Achimwene, gemu imeneyi ndi yakuba. Imachita kukonzeratu kuti uluze."

Ndinaseka, koma ndinamumvetsa. Inenso ndili ku koleji ndinkagona mochedwa chifukwa cha gemu yomweyi, ndipo ndinkaitukwana chimodzimodzi. Kungoti nditayamba kuwerenga mbiri ya mpira ndinapeza kuti dandaulo limeneli ndi lakale kuposa kompyuta imene timaiimba mlanduyo.

Tiyambe ndi 1954. Timu ya Hungary inapita ku World Cup ku Switzerland itatha zaka zinayi osagonja. Inali ndi Ferenc Puskás ndi Sándor Kocsis, ndipo mu gulu inali itaswa West Germany 8-3. Matimu awiriwa anakumananso mu fainolo pa 4 Julaye mumzinda wa Bern. Mphindi 8 zokha Hungary inali kale patsogolo 2-0. Gemu potha, Germany 3, Hungary 2. Chigawo chachiwiri a Hungary anakhazikika pagolo la anzawo, mpira kumenya chitsulo, goloboyi Toni Turek kumangouchotsa, chigoli cha Puskás chakumapeto n'kukanidwa ati ofusayidi. Kunalibe foni, kunalibe gemu yoti n'kuiloza chala.

Nthawi imeneyo n'kuti ku England kuli bambo wina, Charles Reep, wowerengera ndalama mu gulu la asilikali a ndege. Mu Malichi 1950 iye anapita kukaonera Swindon Town ikusewera ndi Bristol Rovers, n'kuyamba kulemba mu kope chilichonse chochitika m'bwalo. Anapitiriza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1968 iye ndi katswiri wa masamu Bernard Benjamin anasindikiza zimene anapeza. Chachikulu n'chakuti pa mipira pafupifupi 10 yowombera ku golo, umodzi wokha ndi umene umalowa. Reep anaphonya pomwe anayamba kulalikira kuti ndiye bola kumangomenya mipira italiitali kutsogolo, ndipo akatswiri anadzamutsutsa. Koma pa nkhani ya mwayi anali atagwira njakata yeniyeni.

Taiwerengereni nokha. Ngati mpira uliwonse uli ndi mwayi umodzi pa 10, timu yowombera ka 20 idzatuluka yopanda chigoli pafupifupi gemu imodzi pa magemu 8 otere. Tsono ngati mashoti onsewo ndi akutali, oti pa 100 amalowa atatu basi, mwayi woti utuluke chimanjamanja umapitirira theka. Mu netibo zigoli zimafika 50 kapena 60, choncho timu yabwino siichedwa kuonekera. Mu mpira wamiyendo chigoli chimodzi chimatha kutseka nkhani yonse.

Magemu a ukochi anabadwira m'dziko lomwelo la Reep. Mu 1982 Kevin Toms anatulutsa Football Manager yoyamba pa timakompyuta ta m'nyumba. Mu 1992 abale awiri, Paul ndi Oliver Collyer, anatulutsa Championship Manager, imene anailembera kuchipinda kwawo. Kampani yawo, Sports Interactive, itasiyana ndi Eidos, inatenga dzina la Football Manager n'kutulutsa gemu yatsopano mu 2004 pamodzi ndi Sega. Cholinga chawo kuyambira kale chinali kutsanzira mpira weniweni. Ndiye ukatsanzira mpira weniweni, umatsanziranso nkhanza zake. Gemu yoti timu yolamulira iziwina nthawi zonse ikanakhala yabodza kuposa imene msuweni wanga akuitukwanayi.

Anyamata a Chelsea amene munadzadza mashowu a vidiyo pa boma ndi pa Kampepuza usiku wa 19 Meyi 2012, inu ndiye musayerekeze kudandaula. Bayern Munich inkasewera fainolo ya Champions League pabwalo lake. Inamenya makona 20, Chelsea imodzi yokha. Kona imodziyo ndi imene Didier Drogba anaidumphira pa mphindi 88 n'kubweza chigoli cha Thomas Müller. Arjen Robben anaphonya penate, ndipo chikho chinapita ku London. Tsiku limenelo palibe wa Chelsea anati mpira ndi wakuba. Ankati ndi mtima.

Ifenso a Malawi mbali zonse ziwiri tinazilawa, ndipo mwezi umodzi womwewo. Pa 10 Januwale 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Flames inakumana ndi Guinea ya Naby Keïta. Covid inali itagwetsa osewera angapo pamodzi ndi kochi Mario Marinica, moti pa benchi panali Meck Mwase ndi anyamata ochepa. Komabe Flames inapeza mipata yoonekeratu, ife pa sikirini tikuimirira n'kukhalanso. Issiaga Sylla anagoletsa chigawo choyamba, gemu n'kutha 1-0. Tinagona ndi njala usiku umenewo nsima ili m'mbale.

Patangotha masabata awiri zinthu zinatembenuka. Titagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi kulepherana ndi Senegal 0-0, tinafika koyamba mu ndime ya matimu 16. Pa 25 Januwale ku Yaoundé, Morocco ndi imene inkalamulira, ife tikungothamangira mpira. Koma pa mphindi 7 Gabadinho Mhango anaona goloboyi Yassine Bounou atasuntha, n'kuumenya kuchokera kutali kwambiri. Mpira woti pa 100 mwina umalowa umodzi kapena iwiri, unalowa. Charles Thomu anagwira mipira yoti ena akanangoiperekeza ndi maso, mpaka Youssef En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chikutha, kenako Achraf Hakimi n'kutimaliza ndi firikiki. Kwa mphindi pafupifupi 40, anthu a ku Rabat ankamva zimene msuweni wanga anamva pa depoti paja.

Masiku ano pali muyeso wotchedwa xG, umene umayesa kulemera kwa mpata uliwonse poona mtunda, ngodya ndi mmene mpira wafikira. Penate imakhala cha m'ma 0.76, pomwe shoti ya kutali imatha kukhala 0.03. Football Manager inauyika mu gemu yake ya 2021. Nditamuuza msuweni wanga kuti atsegule tsamba limenelo, tinapeza kuti mashoti ake 24 aja ambiri anali a kunja kwa bokosi. Anzakewo anatseka pakati, n'kumusiya azizungulira ngati galu pa khola la nkhunda. Woteteza akadzadzana kumbuyo, wolamulira amakankhira anthu ake onse kutsogolo, ndipo mpata umodzi umene amapereka kumbuyoko umakhala wonona kuposa ake 10. Aliyense amene anaonerapo madala akusewera bawo pansi pa mtengo amadziwa kuti wodya nkhomo zambiri poyamba si amene amadzuka akuseka nthawi zonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa si gemuyi ayi. Pa foni ukaluza umangoyambiranso. Koma maganizo omwewo akuti timu yamphamvu iyenera kuwina ndi amene akudya ndalama za anyamata ambiri kuno pa kubetcha. Munthu wagulitsa thumba la kachewere wa ku Tsangano, n'kuika ndalamayo pa matimu 8 akuluakulu pa tikiti imodzi. Ngakhale timu iliyonse itakhala ndi mwayi 7 pa 10 wowina, mwayi woti onse 8 awine sufika ngakhale 6 pa 100. Ikaphonya imodzi, amati wina wamulodza kapena gemu inagulidwa. Mbiri ikutiuza zina: Puskás anaziona, Robben anaziona, Flames inaziona.

Minibasi itadzadza, msuweni wanga anali atasintha kale kaseweredwe, wauza anyamata ake asiye kuwombera patali. Tisanafike pa Tsangano Turn-off anali atawina 2-0, atawombera ka 9 kokha.

"Mwaona achimwene? Ukochi umenewu."

Sindinamuyankhe. Gemu yotsatira anagonja 1-0, ndipo kuyambira pa Mlangeni mpaka pa Lizulu sanandilankhulenso.