Mmene Makina Oyendera Nthawi Anagwera M'manja mwa Zigawenga

M'chaka cha 1960, George Pal anatulutsa filimu ya The Time Machine kuchokera m'buku limene H. G. Wells analemba mu 1895. Mwini makina m'nkhaniyi anali katswiri wa sayansi wa ku London, amene anakwera makinawo n'kukafika chaka cha 802,701 pofuna kuona kumene mtundu wa anthu ukulowera. Za ndalama analibe nazo ntchito. Patadutsa zaka 52, m'filimu ya Looper, makina amtundu womwewo anali atasanduka chida cha mabwana a zigawenga chotayira anthu owasokoneza. Anthu a m'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Linda mpaka ku Mtendere, anaonera mbali yaikulu ya kusinthaku ali pa mabenchi a m'mavidiyo kalabu.

Kukonda mafilimu a nkhonya sikunayambe dzulo m'Zambia. Hortense Powdermaker, mayi wa ku America wofufuza za chikhalidwe amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti anthu a ku migodi ankakonda kwambiri mafilimu a makauboyi, ndipo ngwazi iliyonse ya pakavalo ankangoitcha Jack. Pofika m'ma 1990, malo a Jack anali atatengedwa ndi Rambo, Schwarzenegger ndi Van Damme. Kachipinda kamdima, wailesi yakanema imodzi, matepi a VHS, bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo: kumeneko ndiko kunali ku sinema kwa mwana wa ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George.

Mbava zinayamba kulowa m'nkhanizi pang'onopang'ono. Mu Time After Time ya 1979, Jack the Ripper, wakupha wotchuka wa ku London, anaba makina a Wells n'kuthawira ku San Francisco wa m'chaka cha 1979. Koma ameneyu anali munthu mmodzi wothawa apolisi. The Terminator ya James Cameron, ya mu 1984, inabweretsa ganizo loopsa kuposa pamenepo: kutuma wakupha kuchokera mu 2029 kuti akaphe mayi asanabereke mwana amene adzakhale mdani wako. Kuyambira apa nthawi inasanduka msewu wodutsamo zida.

Amene anaonetsa kuti m'nthawi muli ndalama ndi Biff Tannen wa mu Back to the Future Part II, ya 1989. Biff atakalamba mu 2015 anaba galimoto loyendera nthawi, n'kupita mu 1955 kukapatsa Biff wachinyamata kabuku ka zotsatira za masewero kuyambira 1950 mpaka 2000. Mnyamatayo anayamba kubetcha osaluza. Pofika 1985 anali ndi nyumba yanjuga yosanjikizana, apolisi anali m'thumba mwake, ndipo tauni ya Hill Valley inali itasanduka bwinja la mfuti ndi utsi. Filimuyi ndi yoseketsa, koma gawo limeneli ndi lolemera, ndipo lero likumveka bwino kuposa mu 1989, poti malo obetcherana mpira ali pafupifupi pa msika uliwonse wa mu Lusaka.

Kenako kunabwera Timecop mu 1994, filimu ya Peter Hyams imene inapeza ndalama zoposa madola 100 miliyoni padziko lonse. Jean-Claude Van Damme anasewera ngati Max Walker, wapolisi wa bungwe loletsa anthu kusokoneza zakale. Filimuyi imayamba mu 1863, munthu wa mfuti zamakono akulanda golide wa asilikali. Kenako ikutitengera ku 1929, kumene wina akugula masheya motchipa msika wa ku New York utagwa. Ambiri anaikonda chifukwa cha mateche a Van Damme, ndipo n'zoona kuti matechewo analipo okwanira. Koma chimene chikupatsa filimuyi malo m'mbiriyi ndi bwana wa mbavazo: Aaron McComb, phungu wa nyumba ya malamulo amene akuba m'zaka zakale kuti apeze ndalama za kampeni ya upulezidenti. Wandale ndi chigawenga anakhala munthu mmodzi. Kwa anthu amene aonapo makada a zipani akutolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi, McComb safuna womasulira.

Pachimake pa zonsezi pali Looper ya Rian Johnson, ya mu 2012. Nkhani yake ili mu 2044 ku Kansas. Makina oyendera nthawi adzapangidwa pofika 2074 n'kuletsedwa nthawi yomweyo, motero adzatsala m'manja mwa magulu a zigawenga okha. M'nthawi imeneyo kubisa mtembo n'kovuta, choncho mabwana amamanga munthu, kumuphimba kumutu, kumumangirira siliva kumsana, n'kumuponya zaka 30 m'mbuyo. Kumeneko mnyamata wa mfuti akumudikirira m'mphepete mwa munda. Akawombera amatenga silivayo ngati malipiro. Pangano lake lili ndi mchira: tsiku lina amene adzatumizidwe ndi iye mwini atakalamba, kumsana kuli golide. Akadzipha chotero amapuma pantchito, n'kudya ndalamazo zaka 30 akudziwa tsiku lake.

Joseph Gordon-Levitt ndi Bruce Willis anasewera ngati munthu mmodzi, Joe wachinyamata ndi Joe wokalamba, ndipo awiriwa sakondana ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene filimuyi ikuposa zinzake zonse. Johnson sakutaya nthawi kufotokoza mmene makinawo amagwirira ntchito. Maso ake ali pa mnyamata amene anakulira mumsewu wopanda mayi, amene bwana wa gulu lake, Abe, anamutola n'kumupatsa mfuti, amene amadontheza mankhwala ozunguza bongo m'maso usiku uliwonse, ndipo wagulitsa ukalamba wake asanaufike. Aliyense amene waona magulu a anyamata otchedwa majanki akuvutitsa anthu m'makomboni a Lusaka, kapena amene amadziwa mbiri ya malonda a chamba ku Chibolya, amudziwa Joe. Mbali yachiwiri ya filimuyi ikuchoka m'tauni kupita ku famu, kumene mayi wina, Sara, akulera kamnyamata kamene kadzakhale bwana woopsa wa zigawenga zonse. Funso limakhala lakuti mwanayo aphedwe asanakule kapena aleredwe bwino. Ndi funso lomwelo limene makolo, mipingo ndi apolisi amakangana nalo pakachitika chipwirikiti cha anyamata.

Christopher Nolan anapitiriza ndi Tenet mu 2020, momwe Andrei Sator, wogulitsa zida wa ku Russia, amalipidwa golide wochokera m'tsogolo. Ndi filimu yaikulu ndi yodula, koma nkhani yake ndi yopiringizika moti mtima wa woonera umatsalira m'mbuyo.

Nanga Zambia? Maloto a sayansi si achilendo kuno. Mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata kunja kwa Lusaka ulendo wopita kumwezi. Namwali Serpell anamuika m'buku lake la The Old Drift, la 2019, limene mbali ina ya nkhani yake ikuchitikira ku Kalingalinga, ndipo mu 2020 linapata mphoto ya Arthur C. Clarke ya mabuku a nthano za sayansi. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, makatuni a atsikana anayi olimbana ndi zigawenga mu Lusaka wam'tsogolo.

Looper inaonetsa kuti filimu yotere sifuna zombo za mumlengalenga. Zithunzi zake zokumbukika ndi munda, mfuti, wotchi ndi anthu awiri akukangana m'nyumba yodyera. Zonsezi zingapezeke pakati pa Linda ndi Chilanga. Opanga mafilimu a m'Zambia ali ndi makamera, ali ndi osewera, ndipo nkhani ya mnyamata wogulitsa tsogolo lake kwa bwana wa gulu akuidziwa bwino kuposa a ku Hollywood. Aijambule m'chinyanja, m'komboni momwemo.