Voti ya ku Chitipa: kuchokera pa bwalo la ndege la Fort Hill kufika 2025

Chisankho chikangotha, m'maminibasi a ku Blantyre ndi Lilongwe mumamveka dandaulo limodzimodzi: "Atipweteka ndi anthu akumudzi." Amati wakumudzi amagulitsa voti ndi chitenje, sopo ndi mchere, sadziwa za chuma cha dziko, amangotsata zomwe anena amfumu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumidzi, choncho wolankhula chonchi akunyoza pafupifupi mtundu wonse. Boma la Chitipa, lomwe lili kunsonga kwa dziko, kumalire ndi Tanzania ndi Zambia, lili ndi mbiri yotsutsa zimenezi kuyambira kale.

M'nthawi ya atsamunda dera limeneli linkadziwika kuti Fort Hill, ndipo linkalamulidwa kuchokera ku Karonga. Azungu ankachitcha chigawo chonsecho kumpoto kwakufa, poti kunalibe minda ikuluikulu ya tiyi kapena mafakitale. Chomwe ankafunako chinali anthu ogwira ntchito. Ndege za Wenela zinkatera pa Fort Hill kudzanyamula anyamata opita ku migodi ya ku Joni. Koma opita kutheba sankabwerako ndi zibangete ndi njinga zokha. Ena ankabwera atamva za ndale za ku South Africa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Flax Musopole wa ku Misuku.

Alimi a m'mapiri a Misuku anali atatopa kale ndi malamulo a zamalimidwe, omwe ankawakakamiza kukumba milambala ndi kulipira chindapusa akalephera. Ankadananso ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinakhazikitsidwa mu 1953. Mu Febuluwale 1959 anthu a chipani cha Congress analanda bwalo la ndege la Fort Hill, ndipo ku Misuku anatseka misewu ndi kuononga milatho kuti magalimoto a boma asadutse. Izi zinachitika bwanamkubwa Robert Armitage asanalengeze lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi. Anthuwa analibe voti, ambiri anali asanapondeko ku Blantyre, koma dziko lonse linamva za iwo. Ngakhale pachisankho cha 1961, chomwe Malawi Congress Party inapambana, ambiri a iwo sanaponye nawo voti, chifukwa malamulo ankayang'ana maphunziro, chuma ndi udindo wa munthu.

Ufulu utabwera, voti inasanduka mwambo chabe. Kuyambira 1966 chipani chinali chimodzi, ndipo chofunika pamsika chinali khadi la chipani. Ku Chitipa kumayankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyika, Chitumbuka ndi zinenero zina zambiri, koma kwa anthu a kumwera ndi pakati onsewo anali Atumbuka basi, ndipo nkhanza zogwera kumpoto zinkawagwera pamodzi. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera ndondomeko yosankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Makolo omwe ankagulitsa khofi ndi nyemba kuti mwana afike fomu folo anaona okha kuti khama lawo likutsekeredwa khomo.

Ndiye pa 14 Juni 1993, atafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali, sanafunike wa m'tauni wowaphunzitsa. Kumpoto anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse anasankha nyali ya zipani zambiri, pomwe chigawo cha pakati chinatsalira kwa tambala. Chaka chotsatira AFORD ya Chakufwa Chihana inasesa mipando yonse 33 ya kumpoto, ya ku Chitipa yomwe. Apa ndi pomwe panabadwira chonena china, chakuti wakumudzi amavotera wakwawo basi. Komatu mu 1994 mzinda wa Blantyre nawo unavotera Bakili Muluzi monga midzi ya ku Machinga, ndipo madera a ku Lilongwe anakhalabe kwa Kamuzu Banda. Mpanda unali pakati pa zigawo, osati pakati pa tauni ndi mudzi.

Ndale za ku Chitipa sizimveka popanda kutchula msewu wa ku Karonga. Ndi mtunda wa makilomita 101 okha, koma nthawi ya dzinja unkatha tsiku. Matola ankatitimira m'matope, anthu n'kutsika kukankha, matumba a chimanga akunyowa pamwamba. Wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu ankavutika panjira kuposa kunyumba. Kwa mlimi wa ku Kameme kapena ku Ifumbo, kunali kwapafupi kukagulitsa mbewu kutsidya la Songwe kapena ku Nakonde kusiyana ndi kuzitsitsira kunyanja, ndipo m'misika ina ya m'malire ndalama ya ku Tanzania inkayenda limodzi ndi kwacha. Andale ankalonjeza phula pa kampeni iliyonse. Dziko la Taiwan linayambako ntchitoyi, kenaka Malawi itasintha ubale n'kugwirizana ndi China kumapeto kwa 2007, makontilakita a ku China ndiwo anadzaumaliza.

Pachisankho cha 2009 Chitipa, pamodzi ndi kumpoto konse, inavotera mwaunyinji Bingu wa Mutharika, Mlomwe wa ku Thyolo, kumapeto ena a dziko. Sanali wakwawo ngakhale pang'ono. Anthu anaona makuponi a feteleza omwe anayamba mu 2005, anaona nkhokwe zitadzaza, anaonanso makatapila pamsewu wawo. Ena m'tauni anati kuponi ndi chiphuphu chabe. Kwa munthu wogula ufa m'sitolo kunena choncho n'kosavuta. Kwa mayi amene banja lake limadya zomwe walima yekha, mtengo wa thumba la feteleza ndiye nkhani yaikulu ya chuma cha dziko, monga momwe mtengo wa petulo ulili kwa mwini galimoto ku Area 47.

Chikondicho sichinakhalitse. Boma la Bingu litabwezeretsa ndondomeko yosankhira ophunzira potengera maboma, kumpoto kunakwiya, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ambiri mwa ophedwa anafera ku Mzuzu. Mu 2019, pomwe misewu ya m'mizinda inadzaza ndi anthu okana zotsatira za chisankho, yemwe ankatsogolera bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anali Timothy Mtambo, mwana wa ku Chitipa. Khothi litalamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho chichitikenso, kumpoto kunaima ndi Lazarus Chakwera pa 23 Juni. Patangopita zaka zisanu, feteleza atakwera mtengo kangapo ndipo mafuta akusowa, mavoti ambiri a kumpoto anapita kwa Peter Mutharika pa 16 Seputembala 2025, munthu yemweyo amene anamukana mu 2020.

Sikuti zogawagawa kulibe. Zilipo, ndipo n'chifukwa chake lamulo la zipani la 2018 linaletsa kupereka ndalama ndi katundu pokopa ovota. Koma chitenje chimalandiridwa ku Ndirande ndi ku Mtandire monga chimalandiridwira ku Wenya, ndipo amayi ambiri amachivala n'kukaponya voti kwina. Mafumu monga Mwaulambia, Kameme, Mwenemisuku ndi Nthalire ali ndi ulemu wawo, komabe m'kachipinda kovotera munthu amalowamo yekha. Boma la Chitipa, lomwe lasintha mbali kangapo m'zaka 30, lomwenso lili m'chigawo chotsogola pa kudziwa kulemba ndi kuwerenga, silingatchedwe la anthu ongotsatira.

Kusiyana kwenikweni kuli pa mtunda. Wa m'tauni akakwiya amaimbira foni pa wailesi, amalemba pa Facebook, mawa lake nduna yayankha. Mlimi wa khofi ku Misuku amadikira zaka zisanu kuti amveke kamodzi, ndiye voti yake imakhala yowerengera zomwe waona ndi maso. Anthu oposa 230,000 omwe kalembera wa 2018 anawapeza ku Chitipa analandira phula la ku Karonga patadutsa zaka pafupifupi 50 chilandirireni ufulu. Msewu wolowera kumwera kudzera ku Nthalire ndi Nyika mpaka ku Rumphi, mbali yake yaikulu ikadali yafumbi.