Mkuwa Wokometsera Zida ndi Magaleta ku China Wakale

Magaleta okokedwa ndi akavalo anayamba kuoneka ku China cha m'ma 1200 B.C., pamene mafumu a Shang anali kulamulira ku Anyang. Ndipo popeza matabwa ake anaola kalekale m'maenje momwe anakwiriridwa pamodzi ndi akavalo ndi oyendetsa ake, chimene chatsala chowala kufikira lero ndicho mkuwa umene amisiri anaveka pa goli, pa nsonga za mtanda wa magudumu, ndi pa zikhomo zoletsa magudumuwo kuguluka. Akatswiri anayamba kukumba ku Anyang mu 1928. Mu 1976 anapeza manda a Fu Hao, mkazi wa mfumu Wu Ding amene analinso kazembe wa nkhondo, ndipo m'menemo munali nkhwangwa zazikulu zotchedwa yue, imodzi mwa izo yolemera ngati makilogalamu 9, yojambulidwa akambuku awiri oyasamira mutu wa munthu.

Mkuwawo unali kusakanizidwa ndi chitsulo chotchedwa tini, nuthiridwa m'zikombole zadothi zolumikiza zidutswazidutswa, zimene zinali zitasemedwa kale maluwa ake.

Koma ulemerero weniweni wa zinthu zimenezi unaoneka m'masiku a mafumu a Zhou, amene analanda ufumu cha m'ma 1046 B.C., pakuti mfumu ikafuna kukweza nduna yake, inali kuininkha galeta ndi zokometsera zake, ndipo wolandirayo, pofuna kuti adzukulu ake asadzaiwale chisomo chimenecho, anali kulembetsa mphatsozo pa mphika wamkuwa, monga zilili pa mphika wa Mao Gong umene ukusungidwa ku Taipei. Pa goli panali kuimikidwa timabelu totchedwa luan, tokhala ndi kampira m'kati, kuti anthu azimva kubwera kwa mwini ulemu asanamuone. M'galetamo munali kukwera amuna atatu: woyendetsa pakati, woponya mivi kumanzere, ndi kumanja wonyamula ge, mpeni wokhomedwa chopingasa pa ndodo, wokolera mdani. Pofika nyengo ya maufumu olimbana, 475 mpaka 221 B.C., amisiri anali kukhomerera golide ndi siliva m'timizere tosema pa mkuwa, napanga mbalame, zinjoka ndi mitambo yokongola kosasimbika pa kachitsulo kosaposa chikhatho.

Magaleta awiri amkuwa, a theka la msinkhu wa galeta lenileni, anafukulidwa mu 1980 pafupi ndi manda a mfumu Qin Shi Huang; ndipo zikuoneka kuti zimenezi, pamodzi ndi zotsala za ku Anyang, zathandiza akatswiri kuzindikira mamangidwe a magaleta ndi kusiyana kwa maudindo a eni ake.