Pamene Ndege za ku Ulaya Zinkatera Panyanja Yathu

Mtunda wa pakati pa London ndi Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 9,000, ndipo ndege za masiku ano zimaumaliza m'maola 11 osatera paliponse. Koma agogo athu anauona ulendowu ukadali wa masiku angapo.

Mu 1932, ndege za Imperial Airways zinkatha masiku 11 kuchokera ku London kukafika ku Cape Town, pakuti zinkanyamula mafuta ochepa ndipo usiku zinkagona panjira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya BOAC inabweretsa ndege zotera pamadzi, zonyamuka ku Southampton, kutsata mtsinje wa Nile, mpaka kudamu la Vaal kufupi ndi Johannesburg. Kuyambira 1949 mpaka 1950, zina mwa ndegezi zinkatera ku Cape Maclear, pamadzi omwewo amene asodzi athu amaponyapo makoka. Mabwalo a ndege atachuluka pamtunda, ndege zapamadzi zinatha ntchito, ndipo nyanja yathu inachoka panjira imeneyi.

Pa 2 Meyi 1952, Comet, ndege yoyamba ya jeti yonyamula anthu, inanyamuka ku London, n'kutera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, ndipo inafika ku Johannesburg patapita maola 23 ndi mphindi 40. Liwiro limeneli linadza ndi maliro. Mu 1954, ndege ziwiri za mtunduwu zinasweka m'mwamba kufupi ndi Italy, chifukwa chitsulo chake chinkang'aluka pang'onopang'ono ndi mphamvu ya mpweya wa m'kati. Zimene akatswiri anaphunzira pazibenthu za ndegezo n'zimene zimatiteteza ife tikakwera ndege lero.