Mfumu Imene Inalemba Cisoni Cake pa Thanthwe

Mafumu a makedzana anali ndi cizolowezi colemba nchito zao pa miyala kuti zisaiwalike. Mafumu a ku Iguputo ndi a ku Asuri analemba za mizinda imene anaigwetsa, za akapolo amene anawagwira, ndi za adani amene anagwada pamaso pao. Mau a pamiyala imeneyo ndi odzitama okha-okha. Koma m'dziko la India muli thanthwe pamene mfumu ina inalembapo za nkhondo imene inapambana, niinenanso kuti kupambanako kunaidzetsera cisoni cacikulu. Dzina la mfumuyo ndi Ashoka. M'phunziro lino tifuna kuona kumene maganizo acilendo otere anacokera, ndi zimene mfumuyo inacita nao.

Aphunzitsi, yambani mwaonetsa ana pa mapu mtsinje wa Ganges, kumpoto kwa India. Muwakumbutsenso kuti zaka za B.C., ndizo zaka za kale Kristu asanabadwe, timaziwerenga cobwerera m'mbuyo, kotero kuti 600 B.C. ndi kale koposa 400 B.C. Pakati pa zaka ziwiri zimenezi moyo wa anthu a m'cigwa ca Ganges unasintha kwambiri. Anali kudula nkhalango ndi nkhwangwa zacitsulo, nalima mpunga wocuruka. Midzi inakula niisanduka mizinda, amalonda anayamba kugwiritsa nchito ndalama zasiliva, ndipo maufumu anali kumezana, waukulu kumeza waung'ono.

Pa nthawi imeneyo cipembedzo cinali m'manja mwa ansembe ochedwa Abrahmana, amene anali kupereka nsembe za nyama pamoto. Iwo anaphunzitsa kuti munthu ali yense amabadwira m'gulu lake, lapamwamba kapena lapansi. Koma kunabuka anthu ena amene sanakhutire nazo zimenezi. Anasiya nyumba zao nayamba kuyenda-yenda ndi mbale yopemphera cakudya, natsutsana m'misika ndi m'minda ya mitengo pa funso lakuti munthu ayenera kukhala motani. Mmodzi wa iwo anali Mahavira, mphunzitsi wa Ajaini, amene analetsa kupha camoyo ciri conse, ngakhale kacirombo kakang'ono. Wina anali Siddhartha Gautama, wobadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal, amene anthu anamucha Buddha. Iyeyu anaphunzitsa kuti masautso a munthu acokera m'cilakolako cosatha, ndi kuti ulemu wa munthu uli m'nchito zake, si m'banja limene anabadwiramo ai.

Aphunzitsi amenewa analibe asilikali. Mafumu anali kuwapatsa mphatso ndi kumvetsera mau ao, koma pobwerera kunyumba yacifumu analamulira monga mwa kale. Mabuku a Abuda asimba kuti Ajatashatru, mfumu ya ku Magadha imene inakhala ndi moyo m'masiku a Buddha, inalowa ufumu itapha atate ake. Kwa mibadwo ingapo ciphunzitso ca cifundo cinali nkhani ya amonke ndi ya anthu amene anali kuwadyetsa. M'bwalo la mfumu cinali cisanalowe.

Ca m'ma 321 B.C. munthu wina wamphamvu, dzina lake Chandragupta Maurya, analanda ufumu wa Magadha. Likulu lake linali Pataliputra, pamene lero pali mzinda wa Patna. Kazembe wa Cigiriki, Megasthenes, amene anakhalako, analemba kuti mzindawo unali ndi linga la mitengo la zipata 64 ndi nsanja 570. Ashoka anali mdzukulu wa Chandragupta, ndipo analowa ufumu ca m'ma 268 B.C. Dziko limene analandira linayambira ku Afghanistan kufikira ku Bengal, ndi kutsikira kutali kumwera. Koma kugombe la kum'mawa kunatsala dziko la Kalinga, limene lero ndi cigawo ca Odisha, losagonjera mfumu ya ku Pataliputra. Atakhala pa mpando zaka 8, ca m'ma 261 B.C., Ashoka analithira nkhondo naligonjetsa.

Zimene zinacitika kumeneko tizidziwa cifukwa mwini wake anazilemba. Anati anthu 150,000 anatengedwa kucoka kwao, anthu 100,000 anaphedwa, ndipo ena ocuruka koposa amenewa anafa pambuyo pake. Mafumu ena anali kuchula ziwerengero zotere pofuna kuti anthu awaope. Ashoka anazichula monga munthu woulula mlandu wake. Cimene cinamupweteka koposa, monga analembera, cinali cakuti nkhondo siigwera asilikali okha. Imagwera ansembe, amonke ndi eni mabanja, anthu omvera makolo ao ndi ocitira zabwino anansi ao, niiwalekanitsa ndi okondedwa ao. Ngakhale wopulumuka wosavulala amavutika poona tsoka la mnzake. Ananenanso kuti tsopano imfa ya anthu owerengeka cabe mwa amene anafa ku Kalinga ikanamulemera mumtima. Tsono analangiza ana ake ndi adzukulu ake kuti asamafune kugonjetsa maiko ena, koma ayese kugonjetsa ndi Dhamma kukhala kupambana kweni-kweni.

Tisaganize kuti mtima wake unasinthika tsiku limodzi. Pa mwala wina iye avomera kuti anakhala wotsata Buddha zaka ziwiri ndi theka ndi kupitirira wopanda cangu ceni-ceni, ndi kuti cangu cinadza atayamba kuyandikana ndi amonke. Ndi mafumu ocepa amene angalembe zotere za iwo eni.

Nanga Dhamma ndi ciani? Liu limeneli ndi lobvuta kulimasulira m'Cinyanja. Tinganene kuti ndilo cilungamo, kapena khalidwe loyenera munthu. Kwa Abuda litanthauza ciphunzitso ca Buddha, koma Ashoka polembera anthu ake onse sanalowe m'ziphunzitso zakuya za amonke. Anachula zinthu zapafupi: kumvera atate ndi amai, kulemekeza aphunzitsi ndi akulu, kupatsa ansembe ndi amonke, kusunga bwino akapolo ndi anchito, kusapha zamoyo, ndi kusamwaza cuma. Mwina ana ena adzati, "Zimenezi agogo athu amatiuza masiku onse." Anenadi zoona. Cacilendo sicinali m'malangizowo, koma m'kuti mfumu inadziika yokha pansi pa malangizo omwewo. Ashoka analamula kuti nduna zake zizimufikira ndi nkhani za anthu nthawi iri yonse, kaya ali kudya, kaya ali kucipinda cogona, kaya ali m'munda wa maluwa. Ndipo anapereka cifukwa cake: anati nchito yonse imene agwira ndi yobweza ngongole imene ali nayo kwa zamoyo zonse.

Taimani pang'ono pa liu limeneli la ngongole, pakuti pamenepa ndi pamene pagona phunziro lathu. Anthu onse anali kudziwa kuti mlimi ali ndi mangawa kwa mfumu, ndiwo msonkho, ndi kuti mnyamata ali ndi mangawa a kupita kunkhondo mfumu ikaitana. Ashoka anaitembenuza nkhaniyo. Mwini asilikali ndi njobvu zankhondo ndiye anadziyesa wamangawa, ndipo eni ngongoleyo anali anthu wamba pamodzi ndi nyama zomwe. Maganizo amene anayamba ndi anthu oyenda ndi mbale yopemphera anali atasanduka mau a boma.

Zina mwa zimene anacita ndi izi. Anakumbitsa zitsime m'mbali mwa miseu, namangitsa nyumba zopumuliramo apaulendo, nabzalitsa mango ndi mitengo ya banyan, ya mtundu wa kacere, kuti ipatse mthunzi anthu ndi ziweto. Anatumiza mitengo ya mankhwala a anthu ndi a nyama kumene kunalibe. M'khichini yacifumu, m'mene kale munali kuphedwa nyama zosawerengeka tsiku ndi tsiku, anati tsopano muziphedwa mbalame ziwiri zochedwa pikoko ndi gwape mmodzi. Maulendo osaka nyama anawaleka. Atakhala pa mpando zaka 13 anasankha nduna zapadera zoyang'anira Dhamma, zoti ziziona za akaidi, okalamba ndi osowa. Atakhala zaka 20 anapita ku Lumbini, naimika cipilala camwala cimene ciripobe, nacepetsa msonkho wa mudziwo kuti ukhale gawo limodzi mwa magawo 8 a zokolola.

Pa za zipembedzo analamula cinthu cimene ngakhale lero cibvuta anthu ambiri. Anati munthu asunge lilime lake, asatame cipembedzo cake ndi kunyoza ca mnzake, cifukwa wotero aononga cake comwe. Anafuna kuti anthu a zipembedzo zosiyana azimvetserana. Iye mwini, ngakhale anali wotsata Buddha, anasemetsa mapanga m'mapiri a Barabar nawapereka kwa Aajivika, gulu limene linali kutsutsana ndi Abuda.

Mau onsewa sanalembedwe m'Cisanskrit ca ansembe, koma m'Ciprakrit, cilankhulo coyandikana ndi ca anthu wamba, ndipo ena analamulidwa kuti aziwerengedwa mokweza pa masiku oikika. Ku Kandahar, m'dziko la Afghanistan, kunapezeka m'caka ca 1958 thanthwe lolembedwa m'Cigiriki ndi m'Ciaramu. Ashoka achulanso mafumu asanu a Cigiriki amene ati uthenga wa Dhamma unafika kwao. Awiri a iwo analamulira m'Afirika muno: Ptolemy wa ku Iguputo ndi Magas wa ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya.

Komabe wophunzira mbiri asafulumire kuomba m'manja. Zonsezi tizimva kwa Ashoka yekha, ndipo mlandu sauweruza atamva mbali imodzi. Kalinga sanambwezere ufulu wake, ndipo palibe pamene analemba kuti anthu 150,000 aja anabwerera kwao. Asilikali sanawabalalitse. M'lemba lomwe lija la cisoni anacenjeza mitundu ya m'nkhalango kuti ngakhale ali wolapa, mphamvu ali nazobe, ndipo asamuputa kuti angaphedwe. Cilango ca imfa sanacithetse. Anangopatsa oweruzidwa masiku atatu kuti abale ao awapepesere kapena kuti akonzekere kufa. Ndipo pali cina cimene ine ndiciyesa cacikulu koposa. Mau a cisoni aja analembedwa m'madera akutali, koma m'Kalinga mweni-mweni, pa matanthwe a ku Dhauli ndi ku Jaugada, sanalembedwemo. M'malo mwake muli mau ena, onena kuti anthu onse ndi ana ake, ndi ocenjeza nduna kuti zisamange munthu popanda cifukwa. Ndiganiza kuti mfumu inaona kuti kuvomera kulakwa pamaso pa amasiye a nkhondoyo kukanautsa cipanduko. Munthu wolapa ndi mfumu yocenjera anali kukhala m'thupi limodzi.

Ashoka anamwalira ca m'ma 232 B.C. Ca m'ma 185 B.C. mfumu yotsiriza ya banja la Maurya inaphedwa ndi mkulu wa asilikali ake, Pushyamitra. M'kupita kwa nthawi anthu anaiwala kawerengedwe ka zilembo za Brahmi zimene zinali pa miyalayo. M'zaka za m'ma 1350 Firuz Shah, mfumu ya ku Delhi, ananyamulitsa zipilala ziwiri kupita nazo ku mzinda wake, koma anzeru ake analephera kuziwerenga. Zilembozo anazimasulira James Prinsep, Mngelezi wogwira nchito yoyesa ndalama ku Calcutta, m'caka ca 1837. Iye anapeza kuti wolembayo adzicha Devanampiya Piyadasi, ndipo m'caka ca 1915 ku Maski kunapezeka mwala pamene dzina la Devanampiya linalembedwa pamodzi ndi la Ashoka. India atalandira ufulu mu 1947 anaika pakati pa mbendera yake gudumu la Dhamma la masipoko 24, ndipo mu 1950 mikango ya pamutu pa cipilala ca Ashoka ca ku Sarnath inakhala cizindikiro ca boma la dzikolo.